Akamvuluvulu a maginito: alipodi kapena galafu ikungotinamiza?

Foni ikamakulozerani kumpoto pa mapu, kapena ikamazima yokha mukatseka kava, nthawi zambiri imadalira zomwe Edwin Hall adatulukira ku Baltimore mu 1879. Iye adaona kuti magetsi akamadutsa m'kachitsulo kopyapyala komwe kali pamaginito, ma electron amapatukira mbali imodzi.

Chomwe chanditenga mtima ine ndi mkangano womwe wabuka pa kupatuka komweku.

Electron iliyonse ili ngati kamaginito. M'zinthu zina timaginito timeneti sitiloza kumodzi, timapotana ngati kamvuluvulu. Asayansi amamutcha skyrmion, potengera dzina la Tony Skyrme wa ku Britain, ndipo ofufuza a ku Munich adamuona koyamba mu 2009. Ngwamng'ono zedi, safafanizika wamba, ndipo amasuntha ndi magetsi ochepa. N'chifukwa chake mu 2013 Albert Fert, yemwe adapata mphoto ya Nobel mu 2007, ndi anzake adati akhoza kusungira data. Tangoganizani: memory yaikulu, batire osatha msanga.

Koma kanthu kakang'ono chonchi mungakaone bwanji? Electron ikadutsa mwa kamvuluvuluyu imapatuka mopitirira muyeso, zomwe amati topological Hall effect. Mu 2016 Jobu Matsuno ndi anzake ku RIKEN, ku Japan, adasanjikiza SrRuO3 ndi SrIrO3, ma oxide awiri opyapyala kwambiri, a SrRuO3 okhuthala pafupifupi ma nanometre awiri basi. Galafu yawo idatulutsa linunda, iwo nkuti: akamvuluvulu aja ndi awa!

Mu 2018 Daisuke Kan wa ku Kyoto University ndi anzake adatsutsa. Iwo adati oxide ikakhala yosafanana paliponse, mbali zina zimapatutsa ma electron uku, zina uko. Ukaphatikiza zonsezo, linunda lomwelo limatuluka popanda skyrmion ngakhale mmodzi. Mpaka pano nkhaniyi siinathe, ndipo ambiri akuti linunda palokha si umboni, pafunika chithunzi chenicheni cha timaginito tija.

Palinso vuto la kuzizira. SrRuO3 imakhala maginito pokhapokha itazizira kufika pafupifupi -113°C, pomwe foni yanu imachita kutentha m'thumba.

Ndiye mukaona pa Facebook kuti memory ya skyrmion yafika, musathamangire kusheya. Yambani mwafunsa: amuonadi kamvuluvuluyo, kapena angoona linunda? Nanga kunkazizira bwanji?