Zinthu 6 zodabwitsa zokhudza BP ya kumtundu

Anthu amati kuthamanga kwa magazi (BP) ndi matenda a maganizo kapena a onenepa. Koma nkhaniyi imayambira kwa makolo, kudzera m'majini amene anatipatsira.

1. Mbali yaikulu timabadwa nayo. Kafukufuku wa mapasa ndi mabanja akusonyeza kuti 30 mpaka 50 peresenti ya kusiyana kwa BP pakati pa anthu imachokera ku majini. N'chifukwa chake anthu awiri amatha kudya m'mbale imodzi, wina BP n'kukwera, wina ayi.

2. Kwa ambiri palibe jini imodzi yoiloza chala. Mu 2018 akatswiri ataunika anthu oposa 1 miliyoni, malo odziwika mu DNA okhudza BP anafika 901. Alionse amakweza kapena kutsitsa BP pang'ono chabe, koma akaunjikana mwa munthu mmodzi amalemera.

3. Vuto limabisala m'impso. Mu 1963 dokotala wa ku America, Grant Liddle, anafotokoza za banja lomwe BP inkakwera anthu akadali achinyamata. Jini imodzi yolakwika imachititsa impso zawo kuumira mchere m'malo moutaya mu mkodzo. Mchere umakoka madzi, magazi amachuluka, mitsempha n'kupanikizika. Mankhwala a amiloride amatseka njira imene impsozo zimaumirira mcherewo ndipo BP imatsika.

4. Ena amabadwa ngati amwa kale mankhwala. Odwala matenda a Gitelman amataya mchere wambiri chifukwa njira ina youbwezera m'thupi sigwira ntchito, choncho BP yawo imakhala yotsika. Njira imeneyi ndi yomwe mapiritsi a hydrochlorothiazide, amene ambiri amalandira kuchipatala, amatseka.

5. Zala zinaulula matenda. Ku Turkey kuli banja lomwe aliyense wobadwa ndi zala zazifupi amakhalanso ndi BP yokwera kwambiri, ndipo akapanda chithandizo amachita sitiroko asanakwanitse zaka 50. Mu 2015 anapeza kuti gwero la zonsezi ndi jini ya PDE3A.

6. Chotiteteza chimathanso kutipweteka. Mu 2010 zinadziwika kuti mitundu iwiri ya jini ya APOL1, yopezeka mwa anthu a ku Africa, makamaka kumadzulo, imapha tizilombo ta kaodzera, matenda ofalitsidwa ndi kashembe omwe amapezekanso ku Nkhotakota ndi ku Rumphi. Koma wotengera mitunduyi kwa bambo ndi mayi omwe amakhala pachiopsezo chachikulu cha matenda a impso, amene amayenda limodzi ndi BP.

Majini sitingawasinthe, koma mchere wa m'ndiwo uli m'manja mwathu. Bungwe la WHO limalangiza kuti tisafike magalamu 5 patsiku, pafupifupi supuni yaing'ono imodzi. Ngati kwanu wina anadwalapo BP, sitiroko kapena impso, musadikire kuti mutu uyambe kupweteka. Pitani mukayezetse, ndipo muwauze adokotala mbiri ya banja lanu.