Mob Psycho 100

Mob Psycho 100 ndi nkhani yopeka ya ku Japan yofotokozedwa kudzera m'zithunzi zojambula pamanja, mtundu wa mabuku womwe umatchedwa manga. Inalembedwa ndi kujambulidwa ndi mlembi wodziwika ndi dzina loti ONE, ndipo inkatuluka pa tsamba la pa intaneti la Ura Sunday, la kampani ya Shogakukan, kuyambira mu Epulo 2012 mpaka mu Disembala 2017. Imakamba za mnyamata wa zaka 14, Shigeo Kageyama, yemwe ali ndi mphamvu zodabwitsa za m'maganizo ndipo amagwira ganyu pa kaofesi kofufuza za mizimu ndi mizukwa. Mwini ofesiyo, Arataka Reigen, amadzitcha katswiri pa ntchitoyi koma alibe mphamvu ina iliyonse. Nthabwala zambiri za m'nkhaniyi zimachokera pa anthu awiriwa, ndipo kudzera mwa iwo nkhaniyi imasonyeza kuti luso lapadera silichititsa munthu kukhala woposa anzake.

Mtundu wa nkhaniyi

Nkhani za anthu ofufuza zinthu zosaoneka ndi maso zinayamba kale. Ku Britain, Algernon Blackwood anatulutsa buku la nkhani za John Silence, dokotala wofufuza za mizimu, mu 1908, ndipo William Hope Hodgson anasonkhanitsa nkhani za Thomas Carnacki m'buku la 1913. Nkhani zimenezi cholinga chake chinali kuopseza owerenga. Patapita zaka, olemba ena anayamba kuseketsa anthu ndi ntchitoyi poitenga ngati bizinesi wamba ya m'tauni, yokhala ndi makasitomala, mitengo ndi otsatsa malonda. Filimu ya ku America ya Ghostbusters, yomwe inatuluka mu 1984, ndi chitsanzo chotchuka. Mob Psycho 100 ili m'gulu lachiwirili. Imachitikira mumzinda wamakono wopeka wotchedwa Seasoning City, momwe mizukwa imapezeka m'nyumba zalendi, m'masukulu ndi m'misewu, pakati pa anthu amene akupita kuntchito monga mwa masiku onse.

Anthu a m'nkhaniyi

Shigeo Kageyama amatchedwa Mob. Dzinali limachokera pa njira ina yowerengera zilembo za dzina loti Shigeo, komanso m'Chijapani limanena za munthu wa m'chigulu amene palibe amamuzindikira. Mob amatha kunyamula zinthu osazigwira, kuona mizukwa ndi kuithamangitsa. Koma m'kalasi sachita bwino, akathamanga pang'ono amakomoka, ndipo amachita manyazi kulankhula ndi Tsubomi, mtsikana amene amamukonda kuyambira ali mwana.

Arataka Reigen anasiya ntchito ya pakampani n'kutsegula ofesi yomwe dzina lake limatanthauza malo a uphungu pa za mizimu ndi zina zotero. Ndi munthu wa pakamwa pothwa. Mob amamutcha mphunzitsi wake, ndipo Reigen amamulipira mayeni 300 pa ola, ndalama yochepa kwambiri ku Japan.

Ena ofunika ndi Ritsu, mng'ono wake wa Mob, wanzeru kusukulu koma wosirira mphamvu za mkulu wake; Teruki Hanazawa, mnyamata wa sukulu ina amene poyamba ankagwiritsa ntchito mphamvu zake podzikweza; ndi Ekubo, yemwe m'Chingerezi amatchedwa Dimple, mzimu wofuna kupembedzedwa ngati mulungu umene Mob anaugonjetsa, kenako n'kumamutsatira kulikonse.

Mmene nkhaniyi ikuyendera

Mob ali wamng'ono, mphamvu zake zinamupulumuka tsiku lina pamene anyamata akuluakulu anamuukira iye ndi Ritsu. Kuchokera pamenepo anayamba kuopa mphamvuzo ndipo anazolowera kubisa mmene akumvera mumtima. Nkhaniyi imaonetsa nambala imene imakwera pang'onopang'ono pamene mkwiyo, chisoni kapena manyazi zikuunjikana mwa iye. Ikafika pa 100 peresenti, zonse zimene wakhala akuzibisa zimaphulika pamodzi ndi mphamvu zake. Apa ndi pamene pachokera nambala 100 ya pa mutu wa nkhaniyi.

Mob anapita koyamba ku ofesi ya Reigen akadali kupulayimale, pofuna munthu woti amuuze za vuto lake. Reigen poyamba anaona ngati mwanayo akuchita zachibwana, komabe anamulangiza kuti mphamvu zoterezi n'chimodzimodzi ndi luso lothamanga kapena la masamu, ndipo asamazilozetse kwa anthu, monga mmene munthu salozera mnzake mpeni. Atazindikira kuti mphamvuzo n'zenizeni anamulemba ntchito. Malangizo amenewa, ngakhale anachokera kwa munthu wabodza, ndi amene Mob amayendera m'nkhani yonse. N'chifukwa chake kusukulu analowa kalabu yolimbitsa thupi, pofuna kudzisintha ndi thukuta lake.

Mbali yoyamba ya nkhaniyi ili ndi ntchito zing'onozing'ono zothamangitsa mizukwa. Kenako pamabwera gulu lotchedwa Claw, la anthu amphamvu za m'maganizo amene akufuna kulamulira dziko lonse ndipo amaba ana okhala ndi mphamvuzi. Mtsogoleri wake ndi Toichiro Suzuki. Pa nkhondo yolimbana ndi nthambi ina ya gululi, mphamvu za Mob zimasamukira kwa Reigen kwa kanthawi, ndipo Reigen amadzudzula akuluakulu a Claw kuti ndi anthu okana kukula amene akuthawa moyo weniweni.

Pambuyo pake Mob ndi Reigen amasemphana, chifukwa Mob wapeza anzake ndipo watopa ndi kuitanidwa mwadzidzidzi. Reigen amatchuka payekha, koma amayalutsidwa pa wailesi yakanema ndipo dziko lonse limamutcha tambwali. Atatuluka pa msonkhano wa atolankhani amakumana ndi Mob, yemwe amamuuza kuti wakhala akudziwa kuyambira kale kuti mphunzitsi wake ndi munthu wabwino.

Kumapeto, Mob amagundidwa ndi galimoto akupita kukauza Tsubomi za chikondi chake. Mbali ya iye imene wakhala akuipondereza imadzuka n'kuyamba kuwononga mzinda. Anzake amalephera kumuimitsa mpaka Reigen amufikira ndi kuulula pamaso pake kuti sanakhalepo ndi mphamvu. Mob amavomereza kuti mbali yoopsayo ndi iye yemwe. Tsubomi amamukana, ndipo Mob amalira ngati mnyamata wina aliyense popanda chilichonse kuphulika.

Nthabwala zake

Nthabwala za Mob Psycho 100 zagona pa njira zimene Reigen amagwirira ntchito. Kasitomala akabwera kudandaula kuti mzimu ukumulemera pamapewa, Reigen amamusisita thupi mpaka ululu utatha. Wina akabweretsa chithunzi chooneka mzukwa, iye amaufufuta pa kompyuta. Akakumana ndi mzukwa weniweni amauwaza mchere wa m'khitchini, womwe suchita kanthu, kenako amaimbira foni Mob. Njira iliyonse amaipatsa dzina lalikulu ngati kuti ndi luso lachinsinsi. Komabe makasitomala ambiri amachoka atathandizika, chifukwa mavuto awo amakhala kutopa, mantha kapena kusowa wowamvetsera.

Nthabwala zina zimachokera pa kutembenuza zimene owerenga a manga ya anyamata anazolowera. M'nkhani zambiri zoterezi ngwazi imalimbikira kuti ipeze mphamvu zochuluka. Mob ali nazo kale zoposa za wina aliyense, koma chimene amalakalaka ndi kuthamanga osagwa ndi kudziwa kucheza ndi anthu. Ngakhale maina a malo ndi oseketsa: masukulu a mumzindawu amatchedwa maina a zokometsera chakudya, monga mchere ndi viniga.

Mlembi ndi kusindikizidwa kwake

ONE anayamba kudziwika ndi nkhani ya One-Punch Man, yomwe anayamba kuiika pa intaneti mu 2009, ndipo kuyambira mu 2012 Yusuke Murata anayamba kuijambulanso. Mob Psycho 100 anaijambula yekha ONE, ndi zithunzi zosavuta zomwe nthawi zina zimaoneka ngati za wophunzira kumene. Shogakukan inasonkhanitsa nkhani yonse m'mabuku 16. Mu 2017 inalandira mphoto ya Shogakukan Manga Award m'gulu la manga ya anyamata. Mu 2018 ONE anayamba nkhani ina yaifupi yotchedwa Reigen, ndipo m'chaka chomwecho kampani ya Dark Horse Comics ya ku America inayamba kutulutsa Mob Psycho 100 m'Chingerezi.

Pa kanema

Situdiyo ya Bones inasandutsa nkhaniyi kukhala makatuni a ku Japan otchedwa anime. Gawo loyamba, la zigawo 12, linaonetsedwa kuyambira mu Julayi mpaka Seputembala 2016, motsogozedwa ndi Yuzuru Tachikawa. Lachiwiri, la zigawo 13, linatuluka mu 2019, ndipo lachitatu, la zigawo 12, linatuluka kuyambira mu Okutobala mpaka Disembala 2022 motsogozedwa ndi Takahiro Hasui. Nyimbo anapeka ndi Kenji Kawai. M'Chijapani mawu a Mob amalankhula ndi Setsuo Ito, a Reigen ndi Takahiro Sakurai, pamene a Ekubo ndi Akio Otsuka. Ojambula a ku Bones anasunga maonekedwe a zithunzi za ONE, ndipo m'malo ena, makamaka poonetsa mizukwa, anagwiritsa ntchito utoto wopakidwa pagalasi, ntchito ya Miyo Sato. Kunja kwa Japan anthu amaonera makatuniwa pa Crunchyroll. Mu 2018 kunatulukanso sewero la anthu enieni pa TV Tokyo ndi pa Netflix, momwe Tatsuomi Hamada anasewera ngati Mob.