Paipi yolakwika ingaphe makorali onse m'thanki

Ambirife tikamva za nsomba zoweta m'thanki yagalasi timaganiza za mbuna za m'nyanja ya Malawi, zimene zimagulitsidwa mpaka ku Ulaya. Izo zimakhala m'madzi opanda mchere. Koma pali thanki ya mtundu wina momwe anthu amawetamo makorali, nkhono, nkhanu ndi nsomba za m'nyanja zamchere monga Indian Ocean. Makorali amaoneka ngati miyala kapena timitengo, koma ndi nyama, ndipo sachedwa kufa madzi akaipa pang'ono. M'thanki yotere madzi amazungulira usana ndi usiku: amatsikira m'thanki yosefera imene imakhala pansi, kenako pampu imawakwezanso. Ndiye adutse m'mapaipi otani?

Tiyambe ndi mdani wamkulu, yemwe ndi kopa. Paipi ya kopa ndi yabwino m'nyumba ya anthu, koma madzi a m'nyanja ali ndi mchere wokwana pafupifupi magalamu 35 pa lita imodzi, ndipo mcherewo umadya chitsulo pang'onopang'ono. Kopa wosungunukayo ndi poizoni kwa nyama zopanda msana. Amalinyero anazidziwa kale zimenezi. Mu 1761 asilikali apamadzi a ku Britain anakuta kunsi kwa sitima yotchedwa HMS Alarm ndi kopa kuti tizilombo toboola matabwa tisaiononge, ndipo mpaka lero penti yambiri yopaka kunsi kwa sitima imakhala ndi kopa kuti zamoyo za m'nyanja zisamatirepo. Chimene chimathamangitsa zamoyo pa sitima simungachiike m'thanki imene mukufuna kuti zamoyozo zikule.

Chovuta china n'chakuti thanki si nyanja. Madzi akamauma chifukwa cha kutentha, kopa sauma nawo. Amatsala, amalowerera m'miyala ndi mumchenga, ndipo amachuluka tsiku ndi tsiku. Nsomba zimatha kupirira kopa wochepa (ena amamugwiritsa ntchito ngati mankhwala a nsomba zodwala, koma m'thanki yapadera), choncho mwini thanki amaona nsomba zikusambira bwinobwino pamene nkhono zikugwa pagalasi ndipo makorali akufota. Akamadzazindikira, zambiri zimakhala zitafa kale.

Anthu ambiri sagwa pa paipi yeniyeniyo ayi, amagwa pa tizinthu tating'ono. Mpopi kapena cholumikizira cha brass, chachikasu chija, ndi kopa wosakaniza ndi zinki. Paipi ya galvanized imakutidwa ndi zinki, yemwenso ndi woopsa akachuluka. Ngakhale stainless steel, imene timaikhulupirira kukhitchini, imachita dzimbiri ikakhalitsa m'madzi amchere. Kachitsulo komangira paipi yofewa kokha, kakakhala m'madzi, kangayambitse vuto. Chitsulo chodalirika ndi titanium, koma mtengo wake si wamasewera.

N'chifukwa chake oweta makorali ambiri amasankha pulasitiki ya PVC yolimba. Siichita dzimbiri, ndi yotsika mtengo ndipo imadulidwa ndi sowo wamba. Pa muyezo wa ku America pali Schedule 40, imene nthawi zambiri imakhala yoyera, ndi Schedule 80, yotuwa ndiponso yokhuthala. Kwa ine yoyerayo ndi yokwanira, pakuti pampu ya thanki siikankha madzi mwamphamvu moti n'kuiphulitsa. Chofunika ndi kuwerenga zolembedwa pa paipiyo: sankhani yovomerezeka kudutsamo madzi akumwa, monga yokhala ndi chizindikiro cha NSF 61. Paipi yothiririra maluwa isiyeni kumunda. Simudziwa zimene anasakanizamo kuti ifewe, ndipo kawirikawiri kumapeto kwake kumakhala brass. Paipi yofewa yoonekera mkati imathandiza kuchepetsa phokoso la pampu, koma pakafika kuwala imamera ndere.

Polumikiza, gwiritsani ntchito guluu wa PVC pamalo opita mphepo, ndipo dikirani maola 24 kuti aume musanatsuke mapaipiwo ndi madzi opanda mchere. Silicone wa kubafa amakhala ndi mankhwala opha nkhungu, choncho funani wolembedwa kuti ndi wa thanki ya nsomba. Ndipo ngati madzi a m'nyumba mwanu amadutsa m'mapaipi a kopa, asefeni kaye ndi makina a RO/DI musanasungunuliremo mchere.