Makeke asanduka magalimoto, zidole ndi mitondo ku Lilongwe

Loweruka m'mawa mukaima pafupi ndi mlatho wa mtsinje wa Lilongwe ku Old Town, n'kosavuta kuona munthu atakhala kumpando wakutsogolo kwa galimoto, atafumbata bokosi loyera pamiyendo ngati khanda. Dalaivala naye amayendetsa pang'onopang'ono ngati wanyamula mkwatibwi, osalabadira mahutala a maminibasi m'mbuyo mwake.

M'bokosimo mumakhala keke. Koma si keke yozungulira ija tidaizolowera pa Khrisimasi, yongolembedwa dzina pamwamba. Mukatsegula mupeza galimoto ya apolisi, mpira wamiyendo, chikwama cha amayi, Baibulo lotsegula kapena chidole chovala diresi lotambalala. Pachinkhoswe mupeza mtondo ndi munsi wake, dengu la chimanga kapena mphika wadothi uli pamafuwa. Alendo ena sakhulupirira kuti n'zodyedwa mpaka mpeni utalowa.

Lusoli lasanduka ntchito yodyetsa mabanja mumzindawu. Ambiri mwa olichita ndi amayi ndi atsikana, ngakhale anyamata nawo ayamba kulowerera, ndipo ochuluka alibe sitolo. Amagwirira ntchito m'khitchini ya kunyumba, ena kumayadi monga ku Area 3, 9, 10, 12, 43 ndi 47, ena ku Area 18, 25, 49, Kawale ndi Chilinde. Chikwangwani chawo ndi zithunzi za pa WhatsApp ndi Facebook, ndipo ndalama amalandirira pa Airtel Money, Mpamba kapena kubanki.

Makasitomala awo ambiri ndi ogwira ntchito m'boma ku Capital Hill, m'mabanki ndi m'mabungwe ku City Centre. Kuchokera pomwe likulu la dziko lidasamuka ku Zomba kubwera ku Lilongwe mu 1975, mzindawu wakhala ukudzadza ndi anthu olandira malipiro a pamwezi, ndipo pakati pa anthu otere ndi pomwe chizolowezi chochitira ana phwando la tsiku lobadwa chidazika mizu. Lero chafika mpaka ku Mponela, Mitundu, Lumbadzi ndi Nathenje, komwe mwana akaona chithunzi pafoni ya azakhali ake amayamba kuwerenga masiku.

Zidachokera kuti?

Makolo athu ankadziwa chigumu, zitumbuwa ndi mandasi. Keke ya ufa wa tirigu idabwera ndi azungu, ndipo kwa nthawi yaitali inkaoneka paukwati pokha, pomwe mpaka lero zidutswa zake amazigulitsa kwa alendo pofuna kuthandiza banja latsopano.

Kwa azunguwo luso losema keke ndi lakale. Mkulu wina wophika wa ku France, Marie-Antoine Carême, yemwe adamwalira mu 1833, adatchuka pomanga nyumba ndi nsanja za shuga pamatebulo a mafumu. Mfumukazi Victoria ya ku Britain itakwatiwa mu 1840, keke yake yoyera yokhala ndi tizidole pamwamba idakhala chitsanzo cha makeke a ukwati m'mayiko ambiri.

Koma chomwe chidatsegula maso a anthu wamba ndi wailesi ya kanema. Mu 2009 ku America kudayamba pulogalamu ya Cake Boss, yoonetsa Buddy Valastro ndi abale ake akupanga makeke ooneka ngati nyumba, nyama ndi magalimoto. Mu 2022 Netflix idayambitsa mpikisano wa Is It Cake? pomwe oweruza amavutika kusiyanitsa nsapato yeniyeni ndi ya keke. Foni zamakono zitachuluka, zithunzi zoterezi zidafika m'manja mwa aliyense, ndipo ana a kuno adayamba kupempha Spider-Man, Barbie ndi Elsa wa mufilimu ya Frozen ya 2013.

Ophika a ku Lilongwe sadangotengera zakunja. Adaonjezera zathu: nkhuku ya pachinkhoswe, lichero, sutikesi ya mtsikana wotsanzika kwawo, chipewa cha womaliza maphunziro ku Bunda, komanso jezi ya timu. Apa wophika amafunsa kawiri, chifukwa kupititsa keke yofiira ya Maule kunyumba ya wochemerera Manoma kapena Silver Strikers n'kuputa mlandu.

Ntchito yake si yamasewera

Keke yosema siyamba ndi mpeni, imayamba ndi pensulo. Wophika amajambula chinthucho papepala, n'kuwerengera kutalika kwake ndi chiwerengero cha anthu odya. Akatero amaphika keke yolimbako, chifukwa yofewa kwambiri imanyenyeka akamaisema. Ambiri amadalira muyezo wakale woti fulawa, shuga, majarini ndi mazira zikhale zolemera mofanana: magalamu 250 a chilichonse ndi mazira anayi kapena asanu.

Keke ikapsa amaisiya kuti izizire, kenaka amaiika mufiriji kuti iume mutu. Akaitulutsa amasanjikiza zigawo, kupaka kirimu pakati, n'kuyamba kusema pang'onopang'ono ndi mpeni wa mano, uja wodulira buledi. Kuona maso a nkhono n'kudekha: chomwe wadula sungachibwezerenso.

Akamaliza amapaka kirimu wochepa thupi lonse kuti agwire nyenyeswa, kenaka amaifunditsa fondant. Ichi ndi chiphalaphala cholimba cha shuga wosalala, chomwe chimakandika ngati dongo ndipo amachiyala ngati chapati. Ndi fondant yomwe imapatsa keke khungu losalala la galimoto kapena mapindo a diresi. Tizidole, maluwa ndi makutu a nyama amaziumba masiku angapo keke isanaphikidwe, atasakaniza ufa wina wotchedwa CMC kapena tylose kuti ziume msanga n'kuimirira.

Keke yaitali imafuna mizati ngati nyumba. M'kati amaikamo timitengo, ndipo chigawo chilichonse chimakhala pakatoni yolimba kuti chapamwamba chisaphwanye chapansi. N'chifukwa chake keke imodzi imatha kudya masiku awiri kapena atatu, ndipo kasitomala wobwera Lachisanu madzulo kufuna ndege ya Loweruka m'mawa amabwezedwa.

Dzuwa, magetsi ndi msewu

Mdani woyamba wa wophika ndi nyengo. Batala amayamba kusungunuka kutentha kukadutsa madigiri 30, zomwe sizachilendo ku Lilongwe mu Okutobala ndi Novembala. Mvula ikayamba vuto limasintha: fondant imayamwa chinyontho, imayamba kunyezimira ngati yatuluka thukuta, ndipo mitundu imatha kuyenderera. Keke yotere ikatuluka mufiriji n'kulowa m'chipinda chotentha imachitanso chimodzimodzi.

Mdani wachiwiri ndi magetsi. Keke ikakhala muuvuni magetsi n'kuthima, imafwamphuka pakati, ndipo mazira ndi fulawa zimapita padera. Ophika sadzaiwala Januwale wa 2022, pomwe namondwe wa Ana adaononga malo opangira magetsi a Kapichira pamtsinje wa Shire. Dziko lidataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo kuthimathima kudakula mpaka malowo atakonzedwa mu 2023. Ichi n'chifukwa chake wophika wochenjera amakhala ndi uvuni ya gasi pambali.

Wachitatu ndi ulendo. Keke yomwe yatenga masiku atatu ikhoza kutha pa hampu imodzi. Mpando wa galimoto ndi wopendekeka, choncho malo abwino ndi pansi posalala, poyalidwa thaulo kuti bokosi lisaterereke. Kabaza ndi minibasi yodzadza si malo a keke yosanjikiza, ndipo galimoto yoimikidwa padzuwa magalasi ali otseka imasanduka uvuni.

Bwanji mtengo wake uli wokwera?

Makolo ambiri amadabwa akamva mtengo, poyerekeza ndi keke ya m'sitolo. Yankho lagona pa zipangizo. Tirigu amalimidwa pang'ono chabe m'dziko muno, m'madera monga Tsangano ku Ntcheu ndi Neno, kotero pafupifupi yense wogayitsa fulawa amachokera kunja. Nkhondo ya Russia ndi Ukraine itabuka mu 2022, mtengo wake udakwera padziko lonse. Fondant, utoto wa zakudya ndi zikombole nazo zambiri n'zakunja.

Kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 komanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zonsezi zidakwera nthawi imodzi. Ngakhale shuga, yemwe amapangidwa konkuno ku Nchalo, Dwangwa ndi Salima, adasowa m'masitolo ambiri mu 2024. Wophika yemwe amagula katundu wake ku Bwalo la Njobvu kapena ku Malangalanga amayenera kufunsa mitengo kaye asanalonjeze kasitomala.

Palinso china chomwe ogula sachiona. Posema galimoto kuchokera ku keke yamakona anayi, zidutswa zambiri zimagwera pambali, koma zidaphikidwa ndi mazira omwewo. Ophika ena amazikanda ndi kirimu n'kupanga timipira togulitsa padera kuti asaluze. Kuonjezera apo pali bokosi, thabwa, gasi, mayendedwe ndi maola ogwira ntchito usiku. Wongoyamba kumene akaiwala kuwerengera thukuta lake, amakhala wotanganidwa sabata iliyonse koma m'thumba muli mbee.

Chikomekome cha nkuyu

Akuluakulu adati chikomekome cha nkuyu m'kati muli nyerere. Keke yokongola si nthawi zonse imakhala yabwino kudya, choncho kholo lili ndi mafunso oyenera kufunsa.

Loyamba: kodi zonse zili pamenepa n'zodyedwa? Tizidole tina timakhala ndi waya kapena timitengo totokosera mano m'kati, ndipo mwana wa zaka zitatu sadikira kuti auzidwe. Zonyezimira zina n'zokongoletsera chabe. Makeke ena aatali a paukwati amakhala ndi zigawo zabodza, zopangidwa ndi zinthu zoyera zopepuka zija zimatchinjiriza TV m'katoni. Palibe cholakwika ngati mwagwirizana, koma n'zochititsa manyazi kuzindikira alendo ali pamzere ndi mbale.

Lachiwiri: idaphikidwa liti, ndipo kirimu wake ndi wotani? Kirimu wa mkaka amaonongeka msanga kunja kwa firiji, ndipo ayisingi wopangidwa ndi mazira aawisi akhoza kudwalitsa ana aang'ono ndi amayi oyembekezera. Ngati mwana wanu sayanjana ndi mtedza, nenani poyamba. Keke yosema imagwiridwa ndi manja kwa maola ambiri, choncho ukhondo wa wophika ndi nkhani ya moyo. Mliri wa kolera wa 2022 mpaka 2023, womwe udapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno ndipo udavuta kwambiri ku Lilongwe, udatikumbutsa kufunika kwa madzi abwino ndi sopo pokonza chakudya.

Lachitatu: kodi chithunzichi ndi ntchito ya manja anu? Mikangano yambiri imayamba pomwe kasitomala watumiza chithunzi cha pa intaneti, wophika n'kuvomera chomwe sadapangepo. Tsiku laphwando mkango umafika ukuoneka ngati galu wa kumudzi, mwana n'kuyamba kulira. Pemphani zithunzi za makeke omwe iye mwini adapanga, ndipo mtengo, kukula, tsiku ndi wokaperekeza zilembedwe musanapereke dipoziti. Wogulitsa chakudya amayenera kukhala ndi chiphaso cha khonsolo, ndipo wogula akaona kuti wapusitsidwa akhoza kukadandaula ku bungwe la Competition and Fair Trading Commission.

Mukhoza kuyesa kwanu komweko

Mayi wa ku Kasiya kapena Nsundwe asaganize kuti izi n'za kumayadi kokha. Opanda uvuni amaphika pambaula: amathira mchenga wouma pansi pa poto wamkulu, kuutenthetsa, kuikapo chitini cha keke, kuvundikira n'kuika makala ochepa pachivundikiro. Moto ukhale wapakatikati, ndipo musamavundukule pafupipafupi.

Gulugufe ndiye wosavuta kuyamba naye. Dulani keke yozungulira pakati, tembenuzani zidutswa ziwirizo kuti misana yake igundane, mapiko apezeka. Galimoto imachokera ku keke yophikidwa m'chitini cha buledi: dulani chidutswa kumapeto, chiikeni pamwamba ngati pokhala dalaivala, ndipo mabisiketi ozungulira akhale matayala. Mpira amauphika m'mbale ziwiri zachitsulo zozama n'kuziphatikiza ndi kirimu. Keke ya mbale imodzi ikavundikiridwa chafufumimba imasanduka siketi, ndipo chidole chokulungidwa m'pulasitiki yoyera chimalowa pakati. Majarini wotakasidwa ndi shuga wosalala ndi wokwanira kupaka zonsezi, fondant ikhoza kudikira.

Ofuna kupita patali ali ndi njira zingapo. Ena amaphunzira zophikaphika ku Malawi Institute of Tourism kapena kusukulu za ntchito zamanja zomwe zili pansi pa TEVETA, bungwe lomwe lidakhazikitsidwa mu 1999. Ambiri amalipira wophika mnzawo kuti awaphunzitse kwa masiku ochepa, zotsalazo n'kumaonera pa YouTube. Msika wa m'matauni ang'onoang'ono ulipo, chifukwa keke yoyitanitsa ku Lilongwe imafuna ndalama ya mayendedwe ndipo imafika itatopa.

Kwa makolo, nzeru ndi kuyeza thumba. Keke yamasiku atatu imatha pa mphindi khumi, pomwe ngongole ya katapila imatsala m'nyumba mpaka nthawi ya fizi. Ngati ndalama ilipo, lipirani wophika mokwanira ndipo muuzeni kudakali sabata ziwiri. Ngati palibe, gulugufe wa pambaula wokhala ndi dzina la mwana pamapiko amavinitsanso ana a pamudzi ponse.