Injini ikabangula, n'chifukwa chiyani pulawo imakwera msanga?

Ana inu amene mumakhala kufupi ndi mafamu akuluakulu a ku Mashonaland ku Zimbabwe, kaya ndi ku Banket, ku Karoi, ku Mvurwi kapena ku Bindura, phokoso la thalakitala si lachilendo kwa inu. Agogo a ambiri mwa inu anachoka ku Malawi, ku Mozambique ndi ku Zambia kudzagwira ntchito ya fodya ndi chimanga m'mafamu amenewa, ndipo ena anasanduka akatswiri oyendetsa ndi kukonza mathalakitala. Tsono mukadzaona thalakitala ikulima, mudzaime patali n'kuyang'anitsitsa ikafika kumapeto kwa mzere. Dalaivala amakoka kachitsulo ka pambali pa mpando, pulawo n'kuzuka m'dothi. Injini ikamalira chapansipansi, pulawoyo imakwera mwaulesi. Akawonjezera moto, imadumphira m'mwamba nthawi yomweyo.

Pamenepo palibe chingwe kapena unyolo wokoka pulawo. Chimene chimanyamula chitsulo chonsecho ndi oyilo, ndipo njira imeneyi amaitcha haidiroliki.

Oyilo ali ndi khalidwe limodzi louma mutu: safinyika. Mpweya mukaupanikiza umachepa, koma oyilo mukamukankha mbali ino amakankhanso mbali inayo. Katswiri wa ku France dzina lake Blaise Pascal anafotokoza zimenezi m'zaka za m'ma 1600. M'mimba mwa thalakitala muli pampu imene imayamwa oyilo n'kumukankhira mu silinda, chitsulo chobowoka pakati. M'silindamo muli pisitoni. Oyilo akamalowa, pisitoniyo imasowa kothawira, ndiye imasuntha n'kukankha mikono iwiri ya kumbuyo kwa thalakitala, imene yagwira pulawo.

Nanga pampuyo amaizunguza ndani? Ndi injini yomweyo. Apa ndiye pagona nkhani.

Ganizirani mjigo wa m'mudzi. Mukatsitsa chogwirira kamodzi, madzi amatuluka ofanana nthawi zonse. Mukamapopa mofulumira ndowa imadzaza msanga, mukamapopa mozengereza anzanu apamzere amayamba kudandaula. Pampu ya mathalakitala ambiri ili chomwecho: ikazungulira kamodzi imatulutsa oyilo wofanana, ndipo kuchuluka kwa oyilo pa mphindi kumadalira liwiro la injini.

Tiyeni tiwerengetsere. Tiyerekeze kuti injini ikazungulira kamodzi, pampu imakankha oyilo wodzaza supuni yaikulu imodzi, mamililita 15. Thalakitala ikangoima n'kumalira yokha, injini imazungulira pafupifupi ka 800 pa mphindi. Mukachulukitsa mupeza malita 12. Pa ntchito yeniyeni injini imafika ka 2,000 pa mphindi, ndipo oyilo amakwana malita 30. Silinda ndi yomweyija, koma tsopano ikudzaza mofulumira kawiri ndi theka. N'chifukwa chake pulawo imakwera msanga, ngolo yokhuthula manyowa imapendekeka msanga, ndiponso pa mathalakitala ena chiwongolero chimapepuka injini ikathamanga.

Koma pali cholakwika chimene ngakhale akuluakulu ena amachita. Amaganiza kuti kuwonjezera moto kumawonjezeranso mphamvu yonyamulira. Ayi ndithu. Moto umabweretsa changu, osati nyonga.

Nyonga imachokera ku mmene oyilo wapanikizikira, ndipo chimene chimamupanikiza ndi katundu amene akunyamulidwayo. Katundu wopepuka, oyilo amangodutsa mosavutika. Katundu wolemera, oyilo amapanikizika kwambiri. Koma pali malire. M'njira ya oyilo muli kavalavu kotsekedwa ndi sipuling'i yolimba. Kupanikizika kukafika pamene sipuling'iyo singapirire, kavalavuko kamatseguka, oyilo n'kubwerera kumene anachokera. Pa mathalakitala ambiri malire amenewa amakhala pakati pa mabar 170 ndi 200. Kuti mumvetse kukula kwake, tayala la galimoto yaing'ono limapopedwa mabar awiri okha kapena kupitirirako pang'ono.

Mabar 180 ndi pafupifupi makilogalamu 180 akukanikiza pa kamalo kotalika sentimita imodzi m'litali ndi m'lifupi. Pisitoni yotambalala masentimita 8 ili ndi timalo totere pafupifupi 50. Ndiye kuti oyilo akuikankha ndi mphamvu ya matani 9! Yonseyo siifika ku pulawo, chifukwa mikono ija ndi yaitali ndipo imasinthanitsa mphamvu ndi mtunda, komabe yotsalayo imakwanira kunyamula chitsulo chimene amuna khumi sangachisunthe.

Choncho dalaivala akamangirira chinthu cholemera mopitirira muyeso, angabangulitse injini mpaka utsi wakuda tolotolo, chinthucho sichidzuka. Mumangomva kulira kosongoka kochokera pansi pa mpando. Kameneko ndi kavalavu kaja kakutaya oyilo. Akapitiriza, oyiloyo amatentha, dizilo n'kumapsa pachabe. Ine ndimati dalaivala wodziwa ntchito amadziwika ndi makutu ake, chifukwa akangomva kuliraku amabweza kachitsulo kaja msanga.

Apa ndikuchenjezeni, ana inu. Musalowe pansi pa pulawo kapena ngolo imene ili m'mwamba, ngakhale injini itazima, chifukwa paipi ikaphulika chitsulocho chimagwa mosachenjeza. Musagwirenso paipi imene ikudontha. Oyilo wotuluka pa kabowo kakang'ono amatha kuboola khungu n'kulowa m'thupi, ndipo zikatero muyenera kuthamangira naye munthuyo kuchipatala.

Amene anatchukitsa nzeru ya mikono yonyamula pulawo ija ndi Harry Ferguson, mwana wa mlimi wa kumpoto kwa Ireland. Kale thalakitala inkangokoka pulawo ndi unyolo kapena chitsulo, ndipo pulawo ikakodwa pa chitsa, thalakitala inkatha kudzuka kutsogolo n'kugudubuzikira chagada pa dalaivala. Ferguson anamangirira pulawo pa malo atatu, mikono iwiri pansi ndi umodzi pamwamba. Nzeruyi inalowa mu thalakitala ya Ford 9N mu 1939, kenako mu kathalakitala kotuwa ka TE20 kamene anayamba kupanga ku Coventry, ku England, mu 1946. Dzina lake ndi limene mumaliwerenga pa mathalakitala ofiira a Massey Ferguson. Timathalakitala takalekale tija, 9N ndi TE20, tinali ndi vuto loseketsa: dalaivala akaponda kilatchi, pampu inkaima, pulawo n'kulekera pomwepo kukwera.

Nthawi zina injini imathamanga bwinobwino koma pulawo n'kumachedwabe. M'mawa wa mu June kapena July ku Marondera, kumene kumagwa chisanu, oyilo amakhala wolimba ndipo pampu imavutika kumuyamwa, motero dalaivala amadikira kaye kuti thalakitala itenthe. Nthawi yokonza minda ya fodya, mvula isanagwe, fumbi limatha kutseka sefa ya oyilo. Pampu yokalamba nayo imataya oyilo m'kati mwake, makamaka akatentha n'kusungunuka kwambiri. Makaniko akamva kuti pulawo ikukana kukwera injini ili pansi koma ikukwera akawonjezera moto, amayamba waona kuchuluka kwa oyilo ndi sefa, ndipo zimenezi zikakhala bwino amakayikira pampuyo.