Chimene chimakoka mtima mu banjo ya Allan Namoko

Chimbale cha Ana Osiidwa, chimene kampani ya Pamtondo inatulutsa mu 1992, ndi chimodzi mwa zimbale zochepa za nyimbo za banjo za ku Malawi zomwe zinafika m'masitolo a kunja. Anachiyimba ndi Allan Namoko pamodzi ndi gulu lake la Chimvu Jazz Band. Namoko anabadwa mu 1956 ndipo anamwalira mu 1995. Anali wosaona, wochokera ku Thyolo, ndipo ankayimba m'Chichewa ndi m'Chilomwe. N'chifukwa chake ku Mulanje, kumene Alomwe ndi ochuluka, nyimbo zake amazitenga ngati za pakhomo. Ambiri amati zimangogwira mtima, koma m'kati mwake muli luso lotheka kulifotokoza.

Mbiri ya banjo ndi yozungulira. Inapangidwa ndi akapolo ochokera ku Africa m'zilumba za Caribbean ndi ku America, potengera zoyimbira za kumadzulo kwa Africa. Kenako inalowa m'nyimbo za azungu a kumidzi zimene lero timati country. Kuno inabwera makamaka ndi anthu obwerera kuchokera ku migodi ya ku Joni ndi ku Southern Rhodesia, ndipo pofika m'ma 1950 inali itafala. Amene analibe ndalama yogulira ankadzipangira okha: chitini cha mafuta kapena chikopa chokunga pa mtengo wosema, ndi mawaya a mabuleki a njinga m'malo mwa nsambo.

Choyamba chimene womvera amamva ndi kulira kwa banjoyo. Nsambo ya gitala ikakhudzidwa imalira nthawi yotalikirapo, pomwe ya banjo imalira mwamphamvu n'kuzima msanga. Woyimba sangapumitse dzanja, apo ayi nyimbo ithera panjira. Motero zala zimathamanga pamene mawu a pakamwa akuyenda mwachifatse. Thupi limafuna kuvina, khutu lili pa nkhani ya maliro. Kukokana kumeneku ndiko kumasiya munthu akugwedeza mutu koma kukhosi kuli kowawa.

Chachiwiri ndi kubwereza. Nyimbo zambiri za banjo zimayenda pa makiyi atatu okha, amene amazungulira osasintha kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Pansi pake pamakhala ng'oma ndi zisekese, ndipo magulu ena amawonjezera babatoni, besi yaikulu ya nsambo imodzi imene woyimba amaikhalira. Khutu likazolowera mzungulirowo silivutikanso kutsata zoyimbira, limangomvera mawu. Mchitidwewu si wachilendo kwa amene anakulira pa tchopa, kumene wotsogolera amaponya mawu ena n'kumavomera. Ndime ikabwerezedwa kangapo, womvera amayamba kuiyimba yekha, ndipo dandaulo la woyimba limasanduka lake.

Chachitatu ndi mawu a woyimba. Namoko sankasalaza mawu ake. Ankayimba mokweza, mwa munthu wozolowera kuyimba panja popanda zokuzira mawu. Kupuma kwake ndi kusasa kwa kukhosi zimamveka, ndipo womvera amakhulupirira kuti zimene akumvazo woyimbayo anakumana nazo.

Chachinayi ndi nkhani. Mutu wa chimbalecho ndi wa ana amasiye, ndipo chinatuluka pamene Edzi inali itayamba kusiya ana ambiri m'manja mwa agogo awo. Nyimbo zoterezi siziyankhula za umphawi mwachisawawa, koma zimatchula munthu ndi dzina lake, monga momwe zilili m'nyimbo za Lameck ndi Achilekwa. Kwa wothyola tiyi wa ku Mulanje, amene makolo ake anawoloka kuchokera ku Mozambique n'kudzagwira thangata m'minda ya azungu, nkhani za kusiyidwa, ulendo ndi kusowa pogwira si zongomva.

Apa m'pamene nyimbozi zimakumanirana ndi country. Amalawi akhala akukonda Jim Reeves, Don Williams ndi Dolly Parton pa wayilesi ya MBC chifukwa nawonso amafotokoza nkhani ya munthu wamba pa makiyi ochepa. Ku America, country itayamba kukongoletsedwa kwambiri m'masitudiyo a ku Nashville, magulu ena anabwerera ku mayimbidwe osasalaza. Limodzi mwa iwo ndi Uncle Tupelo, limene linatulutsa chimbale cha No Depression mu 1990. Zimene iwo ankachita kufunafuna, oyimba banjo a kuno anali nazo kale.

Oyimba amakono akamatenga nyimbo za Namoko n'kuziyika pa kiyibodi ndi ng'oma za pa kompyuta, kawirikawiri zimavinitsa koma sizipweteka mtima. Makina amawongola liwiro ndi mawu, pamene mphamvu ya nyimboyo inali m'kusawongoka kumeneko: dzanja lofulumira pang'ono, mawu ochedwerapo, ndi nsambo yozima msanga.