Mphuno ya agogo a ku Florence

Ku Louvre, mumzinda wa Paris, kuli chithunzi chaching'ono chimene Domenico Ghirlandaio adajambula pathabwa cha m'ma 1490. Nkhalamba ya ku Florence yavala mkanjo wofiira, yafungatira kamwana ka tsitsi lopotanapotana. Diso limayamba kugwera pamphuno: yotupa, ya mabamphumabamphu, nthenda imene madokotala amati rhinophyma. Pamphumi pali njerewere, kumutu imvi zokhazokha.

Ghirlandaio ankajambula anthu olemera, ndipo kukometsa nkhope ankakudziwa. Apa sadabise kanthu. M'malo mwake adaikapo kamwanako, kakuyang'ana agogo ake m'maso, kadzanja kali pachifuwa pawo, kopanda mantha, kosanyansidwa. Ukatsata maso a mwanayo, mphuno ija imaleka kukhala nkhani. Ku Stockholm kuli chojambula china chapapepala, nkhope yomweyo koma maso ali chitsinzinire, ndipo akatswiri ena amaganiza kuti mkuluyu adamujambula atatsikira kale kulichete. Ngati n'zoona, ndiye kuti banja lidafuna kukumbukira agogo awo monga momwe adaliri, ndi mphuno yomwe. Ine zimenezi zimandikhudza kwambiri.

Kwathu nkhope za makolo sitidazisunge pamatabwa opaka utoto, koma ukalamba tidaupatsa malo pabwalo. Ku Gule Wamkulu, Chadzunda amatulukira ndi nkhope yamakwinya, mano ogweluka, akutsimphina ngati agwa pomwepo. Ng'oma zikangokolera, amavina mpaka fumbi koboo, anyamata kukamwa yasaa. Chadzunda sakuimira munthu mmodzi. Wasenza ukalamba wonse, ndipo akutiuza kuti m'thupi lotopalo muli mphamvu ndi ulamuliro. Nkhalamba ya Ghirlandaio ilibe mphamvu yoonetsa. Ndi munthu mmodzi wofooka, amene akukondedwa basi.

Komatu chithunzichi chikadajambulidwa kumudzi kwathu, sipakadakhala bata lotere. Mdzukulu wakwathu akadaigwira mphunoyo n'kufunsa kuti, "Agogo, mphunoyi yatani?" Agogo akadaseka n'kumuopseza ndi ndodo yomwe sadzamumenya nayo. Pakati pa agogo ndi mdzukulu pamakhala nthabwala zimene mwana sangayerekeze kuchita ndi bambo ake. Agogo aamuna amatcha mdzukulu wamkazi "mkazi wanga", mwana amawazula imvi, amawaseka chibwano chopanda mano, ndipo palibe amene amati ndi mwano.

N'chifukwa chake zimandiwawa kuti nkhope yomweyi lero ikuphetsa anthu. Maso ofiira ndi utsi wa nkhuni, makwinya, kuyankhula wekha chifukwa cha kuiwalaiwala, zonsezi ena akuziyesa zizindikiro za ufiti. Lamulo la 1911 limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti, komabe okalamba akumenyedwa, kuotcheredwa nyumba, ena kuphedwa kumene. Kawirikawiri woyamba kuloza chala amakhala wachibale, nthawi zina mdzukulu amene agogowo adamubereka kumbuyo amayi ake ali kumunda.